Mimba ya Mapiritsi

Anthu akwathu akamva kuti wanenepa ku Joni amaganiza zinthu ziwiri zokha: kapena ndalama zakukonda, kapena wapeza mwamuna wina. Ine ndalama sizinandikonde, ndiye anandipatsa chachiwiricho.

Ku Pretoria ndinapita chifukwa mwamuna wanga, bambo ake a Tiyamike, anali atabwezedwa. Iwo ndi amene anayamba kupitako, anagwira ntchito yosamalira maluwa zaka ziwiri, kenako anagwidwa ndi mapepala ogula n'kukwezedwa basi yobwerera. Anafika kumudzi ndi jekete ndi chipewa basi. Tinakhala pansi n'kugwirizana kuti tsopano ndipite ine, poti pasipoti yanga inalibe banga. Ndinali pa chitengwa kwawo ku Ntcheu, choncho mwana wathu mmodzi yekhayo, Tiyamike, anatsala m'manja mwa bambo ake ndi apongozi anga. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Tsiku lonyamuka sanalire. Anangogwira chitenje changa mpaka kumsewu, agogo ake n'kuchita kumutsegula zala kuti ndikwere minibasi.

Amene anandilandira ndi Nachisale, msuweni wa mwamuna wanga. Anandipezera chipinda cha kuseri kwa nyumba ya eni ku Mamelodi, choyandikana ndi chake, ndipo anandipezeranso ntchito pa fulati ina ku Arcadia. Sindingamunamizire, mtima wothandiza anali nawo. Koma analinso ndi maso osaphonya kanthu ndi foni yosatha mayunitsi. Khoma lotilekanitsa linali lopyapyala moti ndikayetsemula iye ankadziwa kuti chimfine chayambira mphuno iti.

Ntchito inali ija imadziwika: kukolopa, kuchapa, kusita, kutsuka bafa la anthu osadziwa dzina la kwanu. Madamu anga ankagwira ntchito mu ofesi ina ya akazembe, munthu wosakalipa koma wosafunsanso. Ndinkadzuka kukadali chisisira kukaima pamzere wa takisi, Loweruka n'kukasita zovala kwa banja lina ku Silverton. Zomwe ndinkapeza zinkapita kumudzi, ndipo nyumba yathu inafoleredwa ndi malata ine ndisanawaone. Chomwe ndinkadikira sabata yonse chinali Lamlungu masana, pamene bambo ake ankamupatsa Tiyamike foni, ine n'kumacheza naye pa vidiyo. Ankandionetsa dzino logwedera, kope la masamu, nkhuku imene yaswa. Pa zonse za ku Joni, mphindi zimenezo ndi zimene ndinkagwirira ntchito.

Mnzanga weniweni anali Mayi Asiyatu, mayi wa ku Mangochi amene ankagulitsa mandasi ndi chimanga chootcha pafupi ndi siteshoni ya sitima. Ankakhala tsidya lina la bwalo lomwelo. Iwo Msilamu, ine wa mpingo, koma ndiwo tinkapatsana ndipo tinkaitanana achemwali.

M'chaka chachiwiri mwendo wanga wamanzere unachita dzanzi losatha. Sabata imodzi, ziwiri, diso nalo n'kuyamba kuona ngati pagalasi lopaka sopo. Kuchipatala chachikulu cha boma anandilowetsa m'chimakina chaphokoso chojambula mutu, ndipo patapita nthawi adokotala anandiuza dzina la matenda, multiple sclerosis, mwachidule amangoti MS. Anati asilikali a m'thupi akudya chikopa chokuta mitsempha. Nditangomva za asilikali a m'thupi mtima unapita kwina, koma iwo anati ayi, si kachilombo, anuwa sakuchepa, achita kupenga, akumenya mwini nyumba. Anati matendawa amabwera n'kupita, ndipo sachiritsika koma amagwirika. Kumudzi ndinangonena kuti mwendo ukuvuta pang'ono. Ndinkadziwa kuti ndikatchula za mitsempha ayamba kufunafuna amene wandilodza, mwinanso kundiuza kuti ndibwerere, malata asanathe. Apo ndinalakwa, ndikuvomera, ndipo ndi pokhapo.

Chaka chachitatu matenda anabweranso, ulendo uno ndi ukali. Ndinali kusita shati ku Silverton, simbi n'kungogwa yokha m'dzanja. Ndinkaiona ili pansi koma dzanja silinkamva kuti lasiya kanthu. Pofika mawa lake mwendo unkachita kukokedwa ndipo diso limodzi linali mu nkhungu. Mayi Asiyatu anasiya mandasi awo, n'kundikweza takisi atandikolekera paphewa ngati thumba la chimanga. Masiku asanu ndinali pa diripi ya mankhwala amene amati masiteroidi. M'kamwa munkamveka ngati ndanyambita msomali wa dzimbiri. Diso linayera, koma mwendo unachedwa, ndiye anandipatsa mapiritsi a mtundu womwewo oti ndimwe masabata angapo, n'kumachepetsa pang'onopang'ono. Nesi anandiuza mochita kuloza chala kuti ndisadzayerekeze kuwasiya mwadzidzidzi.

Adokotala anandichenjeza. Anati nditupa, ndidzamva njala, tulo tidzathawa, mtima udzakhala pafupi. Ine ndinati bola mwendo uyende, kutupako nditupe. Ndinkaganiza kuti akunena kutupa kwa masiku awiri.

Njala yake sindinaionepo. Ndinkadya theka la buledi nditaimirira pa sinki ya madamu, n'kumayang'anabe mufiriji ngati galu wa pa butchala. Nkhope inayamba kudzaza kuchokera m'masaya mpaka maso analowa m'kati. Kuseri kwa khosi kunatuluka kalinunda. Miyendo ndi manja zinakhala zomwezo, koma mimba inatsogola, yunifolomu n'kukana kumanga mabatani apakati. Ziphuphu zinabwera ngati ndine mtsikana wa sitandade 8. Chilungulira chinkandiwotcha pachifuwa, ndipo chifukwa cha dzimbiri la m'kamwa lija ndinkalavulalavula. Kumwezi ndinadumpha kawiri. Tsiku lina ndinamutukwana dalaivala wa takisi m'Chichewa chakuya chifukwa anandipitirira pamalo potsikira, tsiku lotsatira ndinalira ngati pamaliro chifukwa cha kapu imene ndinaswa. Masabata awiri alionse ndinkanyamula khadi langa n'kupita kuchipatala.

Tsopano muwerenge nokha: mkazi wonenepa nkhope, mimba patsogolo, wolavulalavula, wodya ngati dzombe, wopsa mtima msanga, wopita kuchipatala ndi khadi ngati wa kusikelo. Nachisale anawerenga, ndipo anapeza yankho lake. Chomwe chimandipweteka n'chakuti iye ankadziwa kuti ndinagonekedwa. Anabwera kudzandiona ndi malalanje, diripi ili pamkono.

"Eish, alamu, Joni yakulandirani tsopano," anatero tsiku lina tikuyanika zovala. "Mpaka mabatani akupempha chifundo."

"Ndi mapiritsi, alamu. Ndinakuuzani."

"Mapiritsi, eti? Sharp. Ndiye abwino mapiritsiwo."

Anaseka, inenso ndinaseka mopusa. Sindinadziwe kuti Lamlungu lapitalo, titatuluka m'tchalitchi, anandijambula cham'mbali n'kutumiza chithunzicho kumudzi.

Lamlungu lotsatira ndinaimba foni nthawi yathu ija. Sanayankhe. Ndinaimbanso, ndipo m'malo mwa nkhope ya Tiyamike ndinamva mawu a apongozi anga, vidiyo atatseka.

"Mayi a Tiyamike, tamva ndipo taona."

"Mwaona chiyani, amayi?"

"Mwamuna wanu ali kuno chaka chachitatu. Ndiye tiuzeni, zomwe mwanyamulazo zabwera ndi mphepo?"

Ndinafotokoza. Ndinatchula mitsempha, diripi, mapiritsi, zonse zimene ndinabisa chaka chathunthu ndinazikhuthula nthawi imodzi, ndipo ndinkadzimva ndekha kuti zikumveka ngati nkhani yopeka pomwepo. Apongozi anandisiya ndimalize.

"Ine ndabereka ana asanu ndi awiri," anatero. "Nkhope ya pakati ndimaidziwa."

Kenako foni anatenga bambo a Tiyamike. Mawu awo anali ozizira.

"Wodwala amaonda. Amalume anadwala, anaonda. Achimwene anadwala, anaonda. Iwe wekha ndiye matenda ako ndi onenepetsa mimba?"

"Ndipatseni mwana ndilankhule naye."

"Mwana umusiye kaye. Asamaone zimenezo."

Anadula. Kuyambira tsiku limenelo Lamlungu langa linatha. Ndinkaimba, foni n'kumangolira. Ndikatumiza uthenga wa mawu woti amumvetsere Tiyamike, unkaonetsa kuti wamvedwa, koma yankho kunalibe. Katundu amene ndinkatumiza pa basi yekha ndiye ankalandiridwa bwinobwino, ameneyo analibe mimba.

Ndinapita pakhomo pa Nachisale ndili ndi beseni la madzi otsukira mbale. Sindinganame kuti anali mankhwala okha, ngakhale nesi anati amakweza mtima. Ndinamufunsa ngati diripi ija anaiyesa ya chiyani.

"Alamu, ine ndinangotumiza chithunzi, sindinanene kanthu. Komanso amene ali ndi pakati sagonekedwa? Ine ndi m'bale wanga uja, ndikanangokhala chete?"

Madzi aja anamuthera m'mutu. Anthu a pabwalo anatuluka, mwini nyumba akukuwa m'chilankhulo chake kuti a Malawi mukamenyanirane kwanu. Madzulo omwewo nkhani inali itafika ku Ntcheu kuti ukali wa mimba wandipengetsa.

Ndinapempha nesi kuti andiyeze mimba n'kundilembera pepala. Anandiyang'ana modabwa, koma nditamufotokozera anapukusa mutu n'kulemba, n'kudinda chidindo. Ndinajambula pepalalo n'kutumiza. Yankho linabwera la mzere umodzi: mapepala ku Joni amagulidwa pakona iliyonse. Pamenepo ndinaseka ndekha mokwiya, chifukwa amene ankanena zimenezo ndi munthu woti anabwezedwa kumudzi chifukwa cha mapepala ogula pakona. Ankandiyeza ndi muyezo wake.

Mayi Asiyatu ndi amene anandigwira nthawi imeneyo. Loweruka ankapita ku Silverton kukasita m'malo mwanga kuti ntchito isapite kwa wina, ndipo madzulo ankandiyendetsa kuzungulira bwalo, ine nditagwira mkono wawo, mwendo ukuphunziranso kuponda. Nditawauza maganizo anga, akuti ndidikira kutupa kuthe kenako ndipite kumudzi akaone okha mimba yaphwa, anaima.

"Achemwali, pitani pano. Pitani muli chotupa chomwechi, apongozi anuwo akakugwireni pamimba ndi manja awo, akakuperekezeni okha kusikelo ya kwanuko. Mukapita mutaphwa adzafunsa funso lina."

"Funso lanji? Mimba ikakhala palibe ndiye kuti palibe."

"Inu anthu simukuwadziwa?"

Sindinawamvere. Zifukwa ndinali nazo: mwendo sukanapirira masiku awiri pa basi, mapiritsi anali asanathe, ndipo madamu anali atandipirira kale mokwanira. Koma chifukwa chenicheni chinali manyazi. Sindinkafuna kuti Tiyamike, atatha zaka zitatu osandikhudza, aone chinkhope chimene ine mwini ndinkachithawa pagalasi la m'bafa la madamu.

Kuchira ku mankhwala kunali ntchito ina payokha. Mapiritsi anatsika kuchoka pa ambiri kufika pa limodzi, kenako theka, kenako basi. Ndinkaganiza kuti ndikangosiya ndidzuka ndili munthu, koma sabata zoyambirira thupi linali ngati alimenya ndi mpini. Mfundo zonse zinkawawa, kukwera masitepe a fulati kunkafuna kupuma kawiri, ndipo mtima umene unali pamwamba uja unagwera pansi, moti ndinkakolopa misozi ikugwera m'ndowa popanda chifukwa. Nesi anati thupi linazolowera kupatsidwa, tsopano likuphunziranso kudzipangira lokha. Anati ndichepetse shuga ndi zokazinga, ndiziyenda. Mayi Asiyatu anasiya kundipatsa mandasi otsala, n'kumandipatsa chimanga chowiritsa akundinena kuti ndine kasitomala woipa. Ndinkatsika takisi patali dala n'kuyenda wapansi kukwera misewu ya Arcadia, kudutsa pa mageti a akazembe, alonda akundiyang'ana mmene ndinkatsimphinira. Tulo tinabwerera. Ziphuphu zinauma. Batani lapakati linamanga mwezi wachitatu, ndipo mwezi wachisanu ndinaona mafupa a m'masaya mwanga ngati abale amene anasowa. Ndinagula tikiti ya basi ndili wonyada ngati munthu wopita kukhoti ndi mboni khumi.

Nditatsika pamsewu kumudzi, apongozi anandiyang'ana pamimba asanandiyang'ane kumaso.

"Mwabwera nokha?"

"Ndikanabwera ndi ndani, amayi?"

Tiyamike anali atatalika, zaka khumi, tsitsi lometa la kusukulu. Ndinatambasula manja, koma iye anagwada patali n'kunena kuti, "Mwayenda bwanji, amayi," ngati akulonjera mlendo wa mpingo. Ndinamukoka ndekha n'kumukumbatira. Thupi lake linali louma ngati mtengo. Bambo ake anandipatsa moni wa m'manja, n'kunyamula zikwama kulowetsa m'nyumba ya malata anga.

Mawa lake ndinati ndimuphikire mwana wanga ndi manja anga. Ndinagula nyama pa msika, ndinakazinga anyezi ndi tomato, fungo n'kudzaza bwalo. Nditatapa mchere kuti ndithire, dzanja linandigwira pamkono. Anali apongozi.

"Mchere ayi. Mukufuna kutitsemphera mwana?"

Kwathu mkazi amene wapita padera, kapena wachotsa pakati, sathira mchere m'ndiwo mpaka atakonzedwa ndi mankhwala a azimayi akuluakulu. Amati akathira, odyawo amadwala tsempho, amatupa n'kumatsokomola. Ndinaima ndi mchere m'manja, mawu a Mayi Asiyatu akundilira m'makutu. Nditatupa inali mimba. Nditaphwa ndiye kuti ndachotsa. Panalibe thupi limene ndikanabwera nalo loti iwo alikhulupirire.

"Tiyamike," anaitana apongozi, "bwera udzathire mchere."

Mwana wanga anabwera maso ali pansi, anatapa mchere, anathira mumphika wanga, n'kubwerera. Sanafunse chifukwa. Anali atauzidwa kale. Pa zonse zimene matendawa andichita, dzanzi, khungu la diso, kukoka mwendo pamaso pa anthu, palibe chinandipweteka ngati kuona kadzanja kaja pamwamba pa mphika. Nyama ija sindinadye.

Ankhoswe anakumana patatha masiku atatu, pakhonde pa nyumba ya malata ija. Kumbali yanga kunabwera amalume anga kuchokera ku Balaka, kumbali ya bambo a Tiyamike kunali bambo awo aang'ono, munthu wophunzira ndithu, mphunzitsi wopuma. Ndinayala mapepala onse a kuchipatala pamkeka, makatoni a mapiritsi, pepala la nesi lija. Aphunzitsi anavala magalasi, anawerenga mofatsa, n'kuvula magalasi.

"Sitikukana kuti mayiwa anadwala," anatero. "Koma munthu amatha kudwala ali ndi pakati. Pepala likunena za tsiku limene linalembedwa. Za dzulo lake silikunena."

Ndiye bambo a Tiyamike analankhula, mawu ofatsa ngati a m'busa. Anati iwo Joni amaidziwa, mayesero ake amawadziwa, ndipo sakufuna kuthetsa banja. Anati andikhululukira. Chomwe akufuna n'chakuti ndigwade pamaso pa ankhoswe, ndivomere, ndipereke nkhuku imodzi, ndimwe mankhwala ondikonza, nkhani ithere pomwepo. Ndikatero Lamlungu lililonse ndizilankhula ndi mwana ngati kale.

Amalume anandiyandikira n'kunong'ona. "Ingovomera, mwana wa mlongo wanga. Ndi mawu chabe. Nkhuku ndigula ine."

Ndikunena zoona, ndinatsala pang'ono. Ndinali nditatopa, ndipo bondo linali litayamba kale kupinda. Koma nditatembenuka ndinaona nsalu ya pawindo ikugwedezeka, ndi zala zinayi zazing'ono zitagwira m'mphepete. Ndikanagwada, Tiyamike akanakula akudziwa kuti mayi ake anavomera ndi pakamwa pawo, ndipo palibe pepala la padziko lino likanafufuta zimenezo.

"Sindigwada," ndinatero. "Chikhululukiro chanucho musunge, mudzachifuna nokha. Ine ndinagona pa diripi masiku asanu ku dziko la eni, palibe mmodzi wa inu anafunsa kuti dzanja likugwira kapena ayi. Munafunsa za mimba basi. Malata awa mukukhala pansi pakewa ndinawagula ndi dzanja lomwelo."

"Mukuona ukali wake?" anatero apongozi.

"Uwu si wa mapiritsi, amayi. Mapiritsi ndinasiya kalekale. Uwu ndi wanga."

Banja linathera pakhonde pomwepo. Amalume anapukusa mutu, koma pa nkhani ya mwana anaima ngati mwamuna. Anakumbutsa aphunzitsi aja kuti chitengwa ndi kubwereka, sanalowole, ndipo mwana ndi wa kuchikazi. Anakangana mpaka dzuwa kupendeka, koma mwambo ankaudziwa onse. Malata ndinawasiya. Ndinatenga Tiyamike ndi kachikwama kake kupita naye kwa achemwali anga aakulu ku Balaka.

Mu minibasi anakhala nkhope ili pawindo. Titadutsa pa Chingeni anatembenuka n'kulankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Amayi, anali wamwamuna kapena wamkazi?"

Ndinali nditapambana mwana, koma bodza lija linakwera nafe minibasi.

"Kunalibe mwana, Tiyamike. Anali mankhwala. Ndinatupa ndi mankhwala."

"Chabwino, amayi."

Anatero mmene mwana wolangizidwa bwino amayankhira munthu wamkulu, n'kubwezera nkhope pawindo.

Ndinabwerera ku Pretoria chifukwa chipatala chodziwa matenda anga chili kuno, ntchitonso ili kuno. Ndinasamuka kuchoka pafupi ndi Nachisale n'kupeza chipinda msewu wina. Tikakumana pa mzere wa takisi amandipatsa moni wa sawubona ngati sitidziwana, ine ndimangomuyang'ana. Lamlungu langa linabwerera, pa foni ya achemwali anga. Tiyamike ankandiuza za kusukulu, za anzake atsopano, mwaulemu, mosasiya kanthu, koma dzino logwedera ndi nkhuku zoswa zinali zitatha. Nkhani ija sitinaikhudzenso. Ndikayesa, ankati "Chabwino, amayi."

Patapita chaka ndi miyezi, matenda anabweranso, mwendo womwewo ndi diso linalo. Adokotala atatchula diripi ndi mapiritsi aja anachita kundifunsa kawiri ngati ndamva. Ndinali nditamva. Ndinkaganiza za mankhwala amene anandibwezera mwendo n'kundilanda banja. Kenako ndinatambasula mkono, ndipo nesi atangomaliza kubaya ndinaimbira achemwali anga kuti Tiyamike akaweruka kusukulu andiimbire pa vidiyo, lero, mawa, tsiku lililonse, osadikira Lamlungu.

Ndinamuonetsa botolo likudontha. Ndinamuonetsa singano pamkono. Nditatuluka ndinkamwa mapiritsi iye akuona, n'kuyandikitsa foni kumaso kwanga. "Ona bwino," ndinkatero, "lero masaya ali apa." Manyazi aja ndinawataya. Ndinamuonetsa ziphuphu, kalinunda ka pakhosi, batani lokana kumanga. Mayi Asiyatu ankalowa m'chithunzi n'kumati, "Mayi akowa atimalizira chimanga ku Mamelodi kuno," iye n'kuseka pang'ono.

Sabata yachinayi Tiyamike anandiyang'anitsitsa. Anali atavalabe yunifolomu, atakhala pa khonde la achemwali anga.

"Amayi, nkhope yanu yafanana ndi ya pa chithunzi chija."

"Anakuonetsa?"

"Agogo anandionetsa. Anati ndione zimene mukuchita ku Joni."

"Ndi nkhope yomweyo. Mankhwala akenso ndi omwewo."

Anayandikitsa foni kumaso kwake.

"Ndiye kunalibedi mwana."

"Kunalibe, mwanangu."

Ndinkayembekeza kuti asangalala. M'malo mwake analira, kulira kwenikweni kogwedeza mapewa, foni n'kumaonetsa denga. Atabweza nkhope anati, "Agogo anati munamukwirira nokha ku Joni popanda mwambo, ndiye ali yekhayekha. Ine ndinamupatsa dzina. Ndimamupempherera tsiku lililonse kuti asakukwiyireni." Anapukuta mphuno ndi kolala ya yunifolomu. "Ndiye ndisiye?"

"Siya, mwanangu. Palibe amene wandikwiyira."

Anagwedeza mutu. Kenako anandifunsa ngati mwendo wayamba kumva, ndipo aka kanali koyamba kuti munthu wa m'nyumba ija andifunse funso limenelo.

Kutupa kwachiwiriko kunaphwanso pa nthawi yake, ndipo ndikudziwa kuti mwina kudzabweranso. Za banja sindidandaula, za malata sindidandaula. Koma pafupifupi zaka ziwiri mwana wanga analira maliro a munthu amene sanakhaleko, yekha, osauza aliyense, ndipo amene anamuphunzitsa malirowo mpaka lero amatumiza uthenga kudzera kwa amalume kuti khomo lili lotsegula, akungodikira kuti ndikagwade ndi nkhuku yanga. Adikire.